Chitseko cha a Jailos Mukhuna

Mafumu, abusa ndi akulu a mpingo, akuluakulu a chipani, anamfedwa a mbali zonse ziwiri, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhuza maliro ano. Ine ndine Mackson, muphwa wa malemu, mwana wa mlongo wawo. Abanja andisankha ine kuti ndiwerenge mbiriyi poti ati ndili ndi mawu aakulu. Ndikamaima panjira mundikhululukire.

Amene agona m'bokosi ili ndi Bambo Jailos Mukhuna. Anabadwa m'chaka cha 1931 konkuno ku Likhubula, mmunsi mwa phiri. Makolo awo, Bambo Yosefe Mukhuna ndi Mayi Estele, anachokera kwa Apwitikizi ali achinyamata, atangosenza mphasa ndi mphika. Bambo Yosefe anali wocheka matabwa ku Chambe, pamwamba pa phiri. Mayi Estele anali munthu wa khasu ndi pakamwa, ndipo achikulire muli pano ambiri munakalipiridwapo nawo m'Chilomwe, kenako nkupatsidwa chinangwa chodya panjira.

Sukulu anaiyamba mochedwa, ku mishoni, nalekezera Sitandade 4. Sikuti mutu unali wouma ayi. Bambo awo anathyoka mwendo kuphiri, ndiye panafunika wina woti azitsitsa matabwa kuti pakhomo pazifuka utsi. Unyamata wawo wonse unathera m'njira ya ku Chambe, kukwera chimanjamanja, kutsika ndi thabwa la mkungudza pamutu. Mpaka ukalamba ankaumirira kuti dazi lawo silinali lakumtundu, linali la mkungudza.

M'chaka cha 1952 anapita ku Limbe kukafuna ntchito. Anayamba ndi kusesa pakhonde la sitolo ina, pamene pankakhala matelala, ndipo poyang'anayang'ana anaphunzira kusoka. Patapita zaka anakhala telala wodziwika, woti jekete akakusokera umaoneka ngati uli ndi ndalama. Koma m'tauni sanawalandire ngati mwana wapakhomo. Lilime lawo linkawaulula kuti ndi a ku Mulanje, ndipo m'sitolomo kukasowa ngakhale sizasi, thumba loyamba kupisidwa linali lawo. Ankati anthu akumudzi manja awo ndi aatali, sanazolowere kuona katundu. Pofuna kudziteteza, malemu anagula loko. Nsalu za makasitomala ankazitsekera m'bokosi, chipinda chawo ankachikhoma ngakhale akungopita kumpope. Dzanja linazolowera, ndipo silinasiyenso.

Banja anamanga mu 1958 ndi Mayi Eneles Sungani a m'mudzi wa Nakhwala, kuseri kwa minda ya tiyi, tsidya lina la mtsinje wa Namiyala. Monga mwa mwambo wathu, anakalowa ukamwini. Pamene ankapita kukamanga nyumba kuchikamwiniko, bambo awo anatulutsa matabwa a mkungudza amene anawasunga kwa nthawi yaitali nawapatsa. Anati, "Mkamwini alibe munda, alibe mudzi. Koma chitseko chokha chikhale chako." Malemu anachipala okha chitsekocho. Chinali cholemera, chonunkhira, ndipo m'mudzi monse munalibe china chofanana nacho. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu. Zaka zonse zimene ankagwira ntchito ku Limbe, pakutha pa mwezi ankakwera basi kubwera kudzaona banja lawo, atanyamula shuga ndi tizidutswa ta nsalu tosokera ana malaya.

Mu 1979 anatopa ndi khonde la eni, nabwerera ku Nakhwala kuti akakhazikike. Anabwera ndi makina awo osokera, komanso ndi loko uja. Apa ndi pamene panayambira mavuto, ngakhale iwo sanadziwe. Masiku amenewo ku Nakhwala munthu akamachoka ankangokoka chitseko nkumanga kaluzi, kuopa nkhuku ndi agalu. Kukhoma nyumba kunali ngati kutukwana mudzi. Amayi kumjigo anayamba kufunsana kuti, "Kodi mbava zake ndi ifeyo?" Mayi Eneles anawachenjeza amuna awo kangapo konse. Iwo ankangoseka nkumati sakukhomera anthu, akukhomera nsalu za eni ake, poti telala akataya nsalu ya ukwati alibe pothawira. Anthu sanawamvetse. Ku Limbe anali munthu wakumudzi, ku Nakhwala anasanduka munthu wa m'tauni. Akuluakulu sananame kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Tsopano ndifike pa chaka cha 1983, chimene ena mukanakonda ndikanachilumpha. Abanja andiuza kuti ndisachilumphe, chifukwa popanda chaka chimenechi mbiri ya malemu ilibe mutu.

Chaka chimenecho kunali chisankho cha aphungu, m'nyengo yozizira. Kudera la Nakhwala opikisana anali awiri, onse a chipani chathu chomwechi. Wina anali phungu wakale, mwana wa komweko, amene akuluakulu a dera ankamufuna. Winayo anali kalaliki wokhala ku Blantyre, amene ambiri ankangomudziwa pachithunzi. Tcheyamani wa nthambi ya chipani m'mudzimo anali Bambo Lenard Sungani, mchimwene wa Mayi Eneles, kutanthauza kuti mlamu wa malemu. A Lenard anauzidwa kuti pa tsiku la voti pasatsale munthu ndi mmodzi yemwe pakhomo, ndipo iwo, pokhala munthu womvera, anayenda nyumba ndi nyumba. Nkhalamba zinanyamulidwa panjinga, ana anatsatira amayi awo. Mudzi wonse unapita kusukulu, kuseri kwa munda wa tiyi, nukaima pamzere kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. M'mudzi munatsala mbuzi ndi nkhuku zokha.

Akuba nawonso amamvera wailesi, ndipo tsiku la chisankho ankalidziwa. Analowa masanasana kuchokera kumsewu, nayenda nyumba ndi nyumba monga anayendera a tcheyamani. Anatenga mabulangete, mawailesi, makasu, mapoto, ngakhale mbuzi. Anthu pobwera anapeza zitseko zili pululu. Kunali kulira ngati kwagwa maliro, ndipo chiperoni chinali chitayamba kale kuwaza. Nyumba imodzi yokha ndiyo sinakhudzidwe, ya chitseko cha mkungudza, loko ali lende. Mbava ndi munthu waulesi, sangalimbane ndi chitsulo pamene pali zitseko zambirimbiri zomanga ndi luzi. Tsiku lomwelo malemu anatulutsa mabulangete awo ndi nsalu zonse zotsala nagawira amene anali ndi ana aang'ono. Anthu analandira nathokoza, koma pobwerera ankacheukira loko uja.

Zotsatira zitatuluka, zinapezeka kuti phungu wakale uja wagwa, wapambana ndi kalaliki wa ku Blantyre, ndipo mavoti a kusukulu ya Nakhwala anali m'gulu la amene anamugwetsa. Pasanathe sabata kunabwera bwana wina wa chipani pagalimoto, naitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Bwanayo anafotokoza kuti iwo anali ataunika dera lonse. Midzi ya mkati, yotalikirana ndi msewu, inavota bwino ndipo sikunasowe ngakhale dzira. Midzi ya m'mbali mwa msewu wa basi inavota mokhota ndipo ndi yomwenso inaberedwa. Choncho, anatero bwanayo, nthenda ndi imodzi, imachokera m'tauni, imabwera pabasi itavala buluku losita. Amene amabweretsa akuba ndi yemweyo amene amapotoza mitu ya anthu. Kenako anafunsa kuti m'mudzimo anachokera m'tauni ndani, ndiponso nyumba imene sinaberedwe ndi ya yani. Palibe amene anatchula dzina. Anthu anangotembenuza makosi kuyang'ana malemu.

Ine za ndale sindizidziwa, ndipo akuluakulu sindiwatsutsa. Ndingonena zimene malemu ankanena okha akamasoka. Ankati iwo anapatsidwa pepala limodzi ngati wina aliyense, ndipo pepala limodzi silingagwetse phungu. Amene anamugwetsa anali ambiri, amayi othyola tiyi, abambo opanda minda, anthu amene ku Limbe sanapondeko, ndipo chifukwa chake ankachidziwa ndi iwowo. Koma pabwalo paja onsewo anaweramitsa mitu, ndipo malemu sanawadandaule, poti aliyense anali ndi ana. Za amene iwo anamuvotera sanauze munthu, ngakhale Mayi Eneles. Chinsinsi chimenecho tikuchikwirira lero.

Galimoto ija inali yoti ibwerere ndi malemu. Apa tiyenera kunena chilungamo pamaso pa Mulungu: amene anawapulumutsa ndi a Lenard. Anagwada pamaso pa bwana uja napempha kuti mlamu wawo asatengedwe, nalonjeza kuti adzawayang'anira okha. Bwanayo anavomera, koma anaika malire. Malemu asadzawoloke mtsinje wa Namiyala, chifukwa tsidya linalo ndiko kuli msewu, ndipo kumsewu ndiko kuli anzawo. Akadzangowoloka, adzatengedwa onse awiri, iwo ndi amene wawaimira. A Lenard anauzidwa kuti abwereze mawuwo mokweza anthu onse amve, ndipo anawabwereza. Kukhoti sikunapitidwe, pepala silinalembedwe. Anali mawu apakamwa chabe, koma tonse tikudziwa kulemera kwa mawu otere.

Mmawa mwake anthu anadzidzimuka ndi kugogoda. Malemu anali akuzula chitseko chawo. Anachotsa mahinjesi, anachotsa loko, nachinyamula pamutu monga ankanyamulira matabwa ku Chambe, nakachiika pamitanda ya kukhitchini. Pakhomo anapachikapo chiguduli. Kwa amene anasonkhana anangoti, "Wofuna kuona akuba amene ndikuwasunga, alowe. Asaodire." Mayi Eneles analira, nawachonderera kuti aganizire mphepo ya mwezi wa June. Iwo anati chitsekocho chidzabwerera pamalo pake tsiku limene dzina lawo lidzabwerere. Kuyambira pamenepo banjali lagona zaka zisanu ndi zinayi popanda chitseko, mvula ndi chiperoni zikulowa mmene zafunira. Mayi Eneles akanatha kuwathamangitsa amuna awo, poti mudzi ndi wawo. M'malo mwake anasokerera chiguduli china pamwamba pa chinzake.

Dziko la malemu linachepa. Linayambira pamunda wa tiyi nkuthera pa ulalo wa mitengo wa pa Namiyala, mtunda woti mwana amauthamanga osapuma. Ulusi, singano ndi mafuta a makina ankakagula ndi Mayi Eneles ku Boma. Makasitomala anayamba athawa, kenako anabwerera mmodzimmodzi, poti telala wina wodziwa kusoka kolala ya malaya kunalibe. Ankabwera ndi nsalu, kuyezedwa, kukamba za mvula, koma za pabwalo paja ayi. Madzulo malemu ankakonda kukakhala pamwala wina pafupi ndi ulalo, nkumamvera kulira kwa basi ya ku Limbe imene sankaiona. Madzi a Namiyala m'chilimwe safika ndi m'mawondo omwe. Ife aphwawo tinawauzapo kuti angowoloka, tikawabise kuno kapena kutsidya kwa malire kumene kuli abale. Anatiyankha kuti, "Ndikawoloka ine, amira ndi alamu." Sitinabwerezenso.

Umbava sunathe. Mbuzi zinapitiriza kusowa, njinga zinapitiriza kusowa, telala ali phee pamakina ake, nyumba yake ili yosatseka. Pang'ono ndi pang'ono anthu a ku Nakhwala anayamba kutuma ana awo a m'tauni kuti awagulire maloko. Ndipo poti wodziwa za maloko m'mudzimo anali mmodzi yekha, ankabwera kwa malemu kudzafunsa kuti wolimba ndi uti. Iwo ankawalangiza bwinobwino, nthawi zina nkukawakhomerera okha. Pofika chisankho cha 1987, mudzi wonse unapita kukavota makiyi ali m'khosi. Nyumba yopanda loko inali imodzi yokha. Malemu ankaseka nazo zimenezi, koma kuseka kwake kunali kowawa, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anaima pagulu kunena kuti tinamulakwira munthuyu.

Chaka chomwecho cha 1987 ndi chimene chinawathyola mtima. Mayi awo, Mayi Estele, miyendo ili yolimba ankayenda okha kuchoka kuno kukawaona, akukalipa njira yonse. Koma miyendo inafooka, nagona pamphasa, nayamba kuitana mwana wawo. Malemu anakapempha kwa a Lenard. A Lenard anakapempha kwa akuluakulu, ndipo yankho linabwera loti adikire chisankho chidutse. Mayi Estele sanadikire. Uthenga utafika ku Nakhwala, malemu anakhala pamakina nasoka nsalu yoyera yokulungira mayi awo. Anainyamula mpaka pa ulalo, naipereka kwa mlongo wawo, Mayi Stella, amene ndi mayi anga, iwo ali tsidya la ku Nakhwala, mlongo wawo ali tsidya lino. Mayi anga amati malemu sanalire mokweza. Anangogwira mtengo wa ulalowo nafunsa kuti manda akumbidwa mbali iti. Kuyambira tsiku limenelo analibenso khumbo lina. Za Limbe anasiya kuzikamba. Aliyense wochokera kuno ankamufunsa ngati pamanda a mayi awo pali polambula, ndipo ankati, "Ndikangopaona pamene anagona, basi, ndibwerera ndekha."

Kumbali ya mpingo, malemu anabatizidwa mu 1949. Ku Limbe ankaimba kwaya, ndipo ku Nakhwala anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo panyumba ya mapemphero ya m'mudzimo. Tchalitchi chachikulu, kumene kumadyedwa mgonero, chili tsidya la mtsinje, choncho kwa zaka zingapo ankangoperekeza anzawo mpaka pa ulalo nkubwerera. Tikuthokoza abusa amene, ataona zimenezi, anayamba kuwoloka okha ndi mkate ndi chikho. Amayi a Mvano amene mwavala zoyera lero, ambiri mwa mabulauzi amenewo anatuluka m'manja mwa malemu, ndipo mukudziwa kuti sankakulipiritsani mokwanira.

Matenda anayamba chaka chatha ngati chifuwa wamba. Munthu wogona pamphepo zaka zonsezo, sitinadabwe. Chaka chino, ndi chilala chimene tonse tikuchiona, thupi linatha msanga. Mayi Eneles ankapita kuchipatala ku Boma kukafotokoza matendawo ndi pakamwa, ndipo madokotala ankawathandiza mmene akanathera, koma ankawauza kuti chifuwa sachiyeza mwini wake ali kunyumba. Mwezi wathawu a Lenard anabwera okha, nakhala pamphasa pafupi ndi mlamu wawo. Anawauza kuti bwana uja anasamutsidwa kalekale, kuti mwina palibenso amene akuikumbukira nkhaniyo, nawapempha kuti akwere njinga apite kuchipatala mwakachetechete. Malemu anayamika, koma anakana. Anati, "Alamu, munanena pagulu. Mukanenenso pagulu. Ndikawoloka mozemba, ndiye kuti ndine mbava imene ankanena ija." A Lenard analonjeza kuti adzanena pamsonkhano wotsatira. Koma chaka chino mukudziwa mmene mphepo ya ndale ikuombera, ndipo munthu wa udindo amayamba wayeza mawu asanatsegule pakamwa. Msonkhano unabwera nudutsa. Sitikuwaweruza. Nawonso anamangidwa ndi chingwe chomwecho, kungoti chawo sichinkaoneka.

Bambo Jailos Mukhuna anatisiya Lachiwiri mmawa, pa 11 August 1992, ali ndi zaka 61. Anamwalirira m'nyumba mwawo, atayang'ana pakhomo, Mayi Eneles atawagwira dzanja.

Matabwa chaka chino ndi ovuta. A kalipentala atasonkhanitsa amene anapezeka, anakwanira mbali ndi pansi, koma chivindikiro chinasowa. Mayi Eneles anawalozera kukhitchini. Anatsitsa chitseko chija chitada bii ndi mwaye, ndipo atangochipala kamodzi, fungo la mkungudza linadzaza bwalo ngati chachekedwa dzulo. Ndi chimene mukuchiona pamwamba pa bokosipa. Amene muli pafupi mutha kuona timabowo pamene panali loko.

Zimene ndinene tsopano sizili papepala, chifukwa zachitika mmawa uno. Mwambo wathu umati mkamwini akamwalira amabwerera kwawo, choncho tinanyamuka ku Nakhwala ndi thupi kuti tikakwere lole kumsewu. Titafika pa ulalo wa Namiyala, Mayi Eneles anapita kutsogolo naimitsa onyamula. Mudzi wonse unali pambuyo, nyimbo inaduka. Anatembenukira kwa mchimwene wawo nafunsa mokweza kuti, "Achimwene, anthu ndi awa. Awoloke kodi?" A Lenard anavula chipewa. Anayang'ana uku ndi uku, ndipo tonse tinaona kuti mantha sanawathere. Kenako anati, "Awoloke. Munthuyu sanabe kanthu, ndipo sanapotoze munthu. Tinkadziwa tonse." Atatero analowa pansi pa bokosi, naliika paphewa, nawoloka nalo. Mawu amene amalume anawadikira zaka zisanu ndi zinayi ananenedwa pagulu, monga ankafunira. Anachedwa ndi masiku awiri okha.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Eneles. Asiya ana atatu, Lucy, Elson ndi Emma, pamodzi ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Asiya mlongo wawo mmodzi, Mayi Stella, ndi ife aphwawo. Asiyanso mlamu wawo, Bambo Lenard Sungani, amene abanja apempha kuti dzina lawo liwerengedwe pamodzi ndi athu.

Manda akumbidwa kudzanja lamanja la Mayi Estele, ndipo tapalambula monga ankafunsira. Ankati akangopaona abwerera okha, koma ife sitiwabweza. Afika kwawo, ndipo chitseko chawo chabwerera kwa mwini wake. Apumule mu mtendere.